Chenjezo Likamayenda: Mbiri ya Mapiritsi Olera ndi Mantha a Amayi Kugombe la Nyanja ya Chilwa

Aliyense amene wagwirapo ntchito patsiku la kulera m'zipatala zazing'ono za kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa amadziwa momwe mzere umakhalira. Amayi ambiri amabwerera jakisoni, ena amafuna zoika pamkono, ndipo otambasula dzanja kulandira mapiritsi amangowerengeka. Zimenezi si za kuno kokha. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 1992 anapeza kuti amayi apabanja awiri mwa 100 alionse ankamwa mapiritsi olera. Kafukufuku ngati yemweyo wa 2015-16 anapezanso awiri mwa 100. Pa zaka zomwezo, ogwiritsa ntchito njira zamakono zolera anakwera kuchoka pa 7 kufika pa 58 mwa 100, ndipo obayitsa jakisoni anachoka pa osakwana awiri kufika pa 30.

Zifukwa zake n'zingapo. Mapiritsi amafuna kukumbukira tsiku ndi tsiku, savuta kuwapeza m'nyumba ngati bambo sakufuna za kulera, ndipo akatha amafuna ulendo wina wa kuchipatala. Kwa mayi wogula matemba pa Kachulu n'kukagulitsa ku Limbe, kapena wokhala pachilumba cha Chisi, zimenezi si zazing'ono. Koma palinso mantha: akuti mapiritsi amaunjikana m'mimba, amayambitsa khansa, amatseka kubereka. Mantha amenewa sanangophuka okha. Ena mwa iwo ndi zidutswa za machenjezo enieni amene anaperekedwa kutali, za mankhwala ena, kwa amayi ena, n'kufika kuno atasintha maonekedwe. Mbiri yake ikuonetsa kuti chenjezo la mankhwala limapulumutsa moyo likanena zinthu zitatu: likukhudza ndani, chiopsezocho n'chachikulu bwanji, ndipo mayi achite chiyani m'malo mwake. Likasowa zimenezi, mayi amangosiya kumwa, ndipo chotsatira chake nthawi zambiri ndi mimba yosakonzekera.

Machenjezo oyamba anali oona

Mapiritsi olera oyamba, otchedwa Enovid, analoledwa ku America mu 1960. Piritsi lililonse linali ndi mamaikulogalamu 150 a homoni ya estrogen. Microgynon amene timapereka lero ali ndi 30 okha. Mu 1961 dokotala wina wa ku Britain analemba m'magazini ya The Lancet za mayi amene magazi anaundana n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo akumwa mapiritsiwa. Pofika 1968, akafukufuku a ku Britain komweko anali atatsimikiza kuti vutoli ndi lenileni, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti limakula molingana ndi kuchuluka kwa estrogen. Mu Disembala 1969 komiti yoona za chitetezo cha mankhwala m'dzikolo inalangiza madokotala kuti asamapereke mapiritsi opitirira mamaikulogalamu 50.

Ku America, buku la Barbara Seaman la 1969 lonena za kuopsa kwa mapiritsi linachititsa kuti phungu Gaylord Nelson aitanitse akatswiri kunyumba ya malamulo mu Januwale 1970. Onse oitanidwa poyambapo kukapereka umboni sanali amayi omwa mapiritsiwo, ndipo amayi ena amene anakhala kumbuyo anaimirira n'kufunsa chifukwa chomwe iwo, eni matupi, sankauzidwa kanthu. Chotsatira chake chinali kapepala kofotokoza zovuta za mankhwala kamene kanayamba kuikidwa m'paketi iliyonse. Mu 1977 kafukufuku wamkulu wa madokotala a ku Britain anaonetsanso kuti chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko chimagwera kwambiri amayi opitirira zaka 35 amene amasuta fodya.

Machenjezo amenewa anachita zabwino. Makampani anachepetsa mphamvu ya mankhwala, ndipo azaumoyo anaphunzira kufunsa kaye asanapereke. Mafunso amene mumafunsa mayi lero asanalandire mapiritsi, za msinkhu, fodya, mutu ndi kuthamanga kwa magazi, anachokera m'zaka zimenezo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo palibe amene anganene kuti kukanakhala bwino amayi akanabisiridwa.

Zaka zomwe Malawi anali chete

Pamene maiko ena ankakangana poyera za mapiritsi, kuno kunali zii. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, nthawi yomwe Nyanja ya Chilwa inaphwera mu 1968, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaletsa ntchito za kulera. Mabanja anapitiriza njira za makolo: kudikira mwana akule asanalowetsedwe kumphasa, kuyamwitsa nthawi yaitali, ndi chingwe cha m'chiuno cha mfundo. Kutumbiza kunali chinthu chochititsa manyazi kuyambira kale, choncho maganizo obereka mwa patalipatali sanali achilendo. Zachilendo zinali mankhwalawo.

Mu 1982 boma linavomera kuyambitsa ntchitoyi, koma pansi pa dzina la kubereka mwa patalipatali pofuna kuteteza moyo wa mayi ndi mwana, osati kuchepetsa ana. Banja La Mtsogolo inayamba mu 1987. Malamulo okhwima a poyamba, monga ofuna chilolezo cha mwamuna ndi oona msinkhu ndi chiwerengero cha ana, anafewetsedwa mu 1992. Choncho mapiritsi anafika kwa mayi wa kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji ngati chinthu chimene boma lomwelo linachikana kwa zaka zoposa khumi, popanda wofotokoza bwino chimene chasintha. Kapepala ka m'paketi, komwe amayi a ku America anakamenyera nkhondo, kanali m'Chingerezi cha timalemba tating'onoting'ono. Pamene palibe wofotokoza, anthu amadzifotokozera okha pachitsime ndi pamtondo.

Dziko la Zimbabwe likutithandiza kuona mphamvu ya chiganizo chimodzi cha boma. Kumeneko, mu 1981, nduna ya zaumoyo Herbert Ushewokunze inaletsa jakisoni wa Depo-Provera, potchula nkhawa za chitetezo chake komanso madandaulo akuti nthawi ya ulamuliro wa azungu amayi a m'mafamu ankabayidwa mokakamizidwa. Chiletsocho chinakhala zaka pafupifupi khumi. Pa nthawiyo ogawa njira zolera m'midzi ankayenda khomo ndi khomo ndi mapiritsi, ndipo amayi anawazolowera. Kafukufuku wa dzikolo wa 2015 anapeza kuti amayi apabanja 41 mwa 100 ankamwa mapiritsi, pomwe obayitsa jakisoni anali pafupifupi 10. Matupi a amayi a ku Zimbabwe sasiyana ndi a amayi a ku Zomba. Chinasiyana ndi njira imene inaopsezedwa ndi imene inafotokozedwa n'kufikitsidwa pakhomo.

Chaka cha 1995: mawu oti "kawiri"

Akuluakulu a kunyanja amakumbukira 1995 ngati chaka chomwe Chilwa anaumiratu, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi. Chaka chomwecho, pa 18 Okutobala, komiti yoona za chitetezo cha mankhwala ku Britain inatumiza makalata pafupifupi 190,000 kwa madokotala ndi ogulitsa mankhwala. Kalatayo inati mapiritsi atsopano okhala ndi desogestrel kapena gestodene ali ndi chiopsezo cha kuundana kwa magazi chowirikiza kawiri poyerekeza ndi mapiritsi akale okhala ndi levonorgestrel. Umboni wina unachokera mu kafukufuku wa bungwe la WHO amene anachitika m'maiko 17, kuphatikizapo Zambia, Zimbabwe ndi Kenya.

Kalatayo inanena kuti amayi asasiye kumwa mwadzidzidzi, koma amalize paketi n'kukaonana ndi dokotala. Mawu amenewo anamira. Nkhaniyo inamveka pawailesi ndi pakanema madokotala ambiri asanalandire makalata awo, ndipo chimene chinatsala m'makutu mwa anthu ndi liwu loti "kawiri". Kawiri ka chiyani? Mwa kuwerengera kwa nthawiyo, pa amayi 100,000 omwa mapiritsi akale kwa chaka, 15 ankapezeka ndi vutoli. Pa omwa atsopano anali 30. Pa amayi oyembekezera 100,000 anali 60. Ndiye kuti mayi amene anataya mapiritsi ake poopa kuundana kwa magazi n'kutenga pakati anadziika pa chiopsezo chachikulu cha vuto lomwelo kuposa chimene ankathawa.

Amayi ambiri anasiyadi, ngakhale ena amene ankamwa mapiritsi osakhudzidwa ndi chenjezolo. Mu 1996 chiwerengero cha ochotsa mimba ku England ndi Wales chinakwera ndi pafupifupi 13,000, kapena kuti 8 pa 100 kuposa chaka cham'mbuyo, pomwe m'zaka zingapo zam'mbuyomo chinkatsika. Atsikana aang'ono ndiwo anakhudzidwa kwambiri. Mu 1999 akuluakulu a zamankhwala m'dzikolo anabweza mawu, n'kunena kuti mapiritsi aja angathe kuperekedwa bola mayi afotokozeredwe. Zomwe asayansi anapeza sizinali zabodza. Cholakwika chinali kanenedwe: ananena kuti chiopsezo chawirikiza koma anthu sanamve kuti chinali chaching'ono kuyambira pachiyambi.

Mfundo imene ikutikhudza mwachindunji ndi iyi: mapiritsi a m'zipatala za boma kuno, Lo-Femenal wa kale uja ndi Microgynon wa lero, ali m'gulu lakale lija limene chenjezo la 1995 linati ndilo lili ndi chiopsezo chochepa. Mayi akabwera atamva kwa m'bale wake wa ku Joni kapena pa WhatsApp kuti mapiritsi amaundanitsa magazi, n'zotheka kuti nkhani imene wamvayo inkanena za mtundu umene sanaumwepo.

France 2013: pamene njira ina ilipo

Nkhani yofanana inabuka ku France mu Disembala 2012, mtsikana wina amene anadwala sitiroko akumwa mapiritsi atsopano aja atasumira kampani yopanga mankhwalawo. Mu Malichi 2013 boma linasiya kulipirira mapiritsi a mtunduwo, ndipo linalimbikitsa madokotala kusamutsira amayi ku mapiritsi akale kapena ku njira zina. Mayi mmodzi mwa asanu alionse anasintha njira. Omwa mapiritsi anatsika kuchoka pa 50 mwa 100 mu 2010 kufika pa 41 mu 2013, ndipo ambiri anapita ku lupu ndi makondomu. Chaka chimenecho amayi a msinkhu wobereka ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha ya m'mapapo anachepa ndi pafupifupi 11 pa 100.

Apa chenjezo linagwira ntchito chifukwa linabwera ndi kopita. Komabe silinathandize onse mofanana. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi ophunzira ndi opeza bwino ndiwo anasamukira ku lupu, pomwe amayi osauka, makamaka obadwira kuno ku Africa, ambiri anabwerera ku njira zosadalirika monga kuwerenga masiku ndi kuthira pambali. Chenjezo limodzi lomwelo linateteza wokhala pafupi ndi dokotala n'kusiya pambalambanda wokhala kutali.

Machenjezo amene anafika pakhomo pathu

M'zaka zaposachedwa machenjezo atatu anagwedeza ntchito ya kulera m'chigawo chathu chino. Sanali onena za mapiritsi mwachindunji, koma ogwira ntchito m'midzi amadziwa kuti uthenga woipa wa njira imodzi umadetsa njira zonse, chifukwa kwa anthu ambiri onsewo ndi "mankhwala olera".

Loyamba linali la ku Zambia kumayambiriro kwa 2008, pomwe boma linaimitsa jakisoni wa Depo zitamveka kuti muli kachirombo ka HIV. Atayezedwa bwino anapezeka kuti mulibe, ndipo jakisoniyo anabwereranso m'zipatala. Koma uthenga woletsa unayenda mwachangu kuposa wotsutsa.

Lachiwiri linabwera mu Okutobala 2011, pomwe kafukufuku wa mabanja 3,790 a m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa, momwe mmodzi ali ndi HIV wina alibe, anaonetsa ngati njira zolera za mahomoni, makamaka jakisoni, zikuwirikiza kawiri mpata wotenga kachiromboko. Liwu lija la "kawiri" linabweranso. Funsoli linatenga zaka zisanu ndi zitatu kuti liyankhidwe. Kafukufuku wa ECHO, wa amayi 7,829 a ku Eswatini, Kenya, South Africa ndi Zambia, anatulutsa zotsatira mu Juni 2019: panalibe kusiyana kwakukulu pa katengedwe ka HIV pakati pa obayitsa Depo, oika lupu ndi oika zapamkono. Mu Ogasiti chaka chomwecho WHO inachotsa chenjezo lake. Zimene kafukufukuyo anaonetsanso n'zakuti amayi ambiri ankatenga kachiromboko m'magulu onse atatu, kutikumbutsa kuti palibe njira ya mahomoni imene imateteza ku HIV.

Lachitatu linali la dolutegravir mu Meyi 2018, chaka chomwe Chilwa anaphweranso. Kafukufuku wa Tsepamo ku Botswana anapeza ana anayi obadwa ndi chilema cha msana kapena ubongo mwa amayi 426 amene anatenga pakati akumwa mankhwalawa. Maiko ambiri anayamba aimitsa kupereka mankhwalawa kwa amayi a msinkhu wobereka, kapena kuika lamulo loti akhale kaye pa njira yodalirika yolera. Kuno, pomwe kusamukira ku 13A kunayamba mu Januwale 2019, amayi ambiri a msinkhuwu anayamba adikira pa 5A. Amayi okhala ndi HIV ochokera m'maiko 18 anakumana ku Kigali mu Julaye 2018 n'kupempha kuti aziuzidwa zoona zake n'kusankha okha. Amayi ambiri atatsatiridwa, chiwerengero chija chinatsika kufika pa ana atatu mwa 1,000 mu 2019, ndipo WHO inalangiza dolutegravir kwa onse. M'zaka zotsatira kusiyana ndi ma ARV ena kunatheratu. Chodandaulitsa n'chakuti efavirenz wa mu 5A, amene amayi anatsalira pa nthawi yodikirayo, ndi amene amafooketsa mphamvu ya zoika pamkono, pomwe dolutegravir salimbana ndi njira iliyonse yolera.

Kusamala kwa akatswiri pa nthawi zonse zitatuzi kunali ndi chifukwa chake. Vuto n'lakuti chenjezo limalengezedwa mokweza, koma kuchotsedwa kwake kumangolembedwa m'kalata ya kuofesi. Ngati ife sitikabweza uthenga kumudzi, amayi amatsala ndi wakale uja.

Mtengo wa kusiya mapiritsi kuno

Mayi wa ku England amene anasiya mapiritsi mu 1995 ankakhala m'dziko limene amayi omwalira pa uchembere sankakwana 15 pa 100,000. Kuno, kafukufuku wa 2000 anapeza 1,120, ndipo wa 2015-16 anapeza 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Tiyeni tiziike pambali pa ziwerengero zimene bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linatulutsa litaunikanso nkhaniyi mu 2013. Pa amayi 10,000 osamwa mapiritsi komanso osayembekezera, pafupifupi awiri amadwala kuundana kwa magazi pachaka. Pa omwa mapiritsi a levonorgestrel ngati Microgynon ndi 5 mpaka 7. Pa omwa atsopano aja ndi 9 mpaka 12. Ambiri mwa odwalawo amachira. Ziwerengerozi n'zochokera kwa amayi a ku Ulaya, koma zikutipatsa kukula kwa nkhani. Tsono 439 pa 100,000 ndi chimodzimodzi amayi pafupifupi 44 omwalira pa ana 10,000 obadwa.

Komanso mimba yosakonzekera kuno ilibe njira yotulukira yotetezeka kwa ambiri, poti lamulo limaletsa kuchotsa mimba nthawi zambiri. Kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher anawerengera kuti mu 2015 mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi, kuti mimba 53 mwa 100 zinali zosakonzekera, ndiponso kuti amayi 6 mwa 10 ochotsa mimba anakumana ndi zovuta zofuna chithandizo cha kuchipatala. Kuchoka pa Kachulu kufika ku Zomba Central Hospital ndi makilomita pafupifupi 30, msewu wake wovuta nthawi ya dzinja. Wa ku Chisi amayamba wafuna bwato.

Kafukufuku wa 2015-16 anaonetsanso kuti pa amayi 100 oyamba njira yolera, 37 amaisiya chaka chisanathe, ndipo kuopa zovuta za m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. M'boma la Mangochi, Effie Chipeta ndi anzake analemba mu Malawi Medical Journal mu 2010 kuti anthu ankadziwa njira zolera koma ankabwerera m'mbuyo chifukwa choopa kusamba nthawi yaitali, kunenepa kapena kuwonda, kusabereka, komanso nkhawa za abambo kuti mphamvu zawo zichepa. Zina mwa izi ndi zovuta zenizeni zimene mayi sanachenjezedwe, zina ndi mphekesera. Zimasakanikirana chifukwa mayi amene sanauzidwe kuti angadonthe magazi pang'ono miyezi yoyamba, akaona zachitika, amakhulupirira kuti zonse zimene anamva pachitsime zinali zoona.

Machenjezo enieni a mapiritsi athu

Mu 1996 WHO inatulutsa koyamba ndondomeko yosonyeza amene angagwiritse ntchito njira iliyonse yolera ndi amene sayenera. Ubwino wake ndi woti chenjezo lililonse lili ndi mwini wake. Mapiritsi a mahomoni awiri ngati Microgynon si oyenera kwa mayi woyamwitsa mwana wosakwana miyezi 6, wa zaka 35 kupita mtsogolo amene amasuta, amene kuthamanga kwa magazi kwake kwafika 140/90 kapena kupitirira, amene anadwalapo sitiroko, matenda a mtima kapena kuundana kwa magazi, amene amadwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuona zothwanima kapena chizimezime, wodwala khansa ya m'mawere, ndi wodwala chiwindi kwambiri. Mayi amene akumwa rifampicin wa chifuwa chachikulu asadalire mapiritsi a mtundu uliwonse, chifukwa mankhwalawo amawafooketsa. Jakisoni kapena lupu ndiye zomuyenera. Woyamwitsa amene akufuna mapiritsi alandire Microlut, ndipo auzidwe kuti amafuna nthawi yofanana tsiku lililonse, osachedwa kupitirira maola atatu.

Pa zonsezi, chofunika kwambiri kwathu kuno ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. Makina oyezera akakhala kuti afa kapena alibe mabatire, imeneyo ndi nkhani ya chitetezo cha mankhwala yofunika kuinena kwa oyang'anira.

Za khansa tinene zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Mapiritsi amachepetsa khansa ya m'mazira ndi ya mkati mwa chiberekero. Kumwa zaka zisanu kapena kupitirira kumakweza pang'ono chiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero, ndipo chimatsikanso mayi akasiya. Imene imayambitsa khansayo ndi kachirombo ka HPV, ndipo chitetezo chake ndi kuyezetsa komanso katemera wa atsikana amene anayesedwa koyamba kuno ku Zomba ndi ku Rumphi kuyambira 2013, asanafalikire dziko lonse mu 2019. Za kuunjikana m'mimba, yankho lili m'kamwedwe komwe: piritsi limasungunuka ndipo mphamvu yake sikhalitsa m'thupi, n'chifukwa chake limamwedwa tsiku lililonse. Chifukwa chomwechonso, mayi akasiya angathe kutenga pakati mwezi womwewo. Jakisoni ndiye amachedwetsa kubereka ndi miyezi ingapo, koma satseka.

Ntchito ya womaliza kunena

Chenjezo likachoka ku Geneva limadutsa ku Unduna wa Zaumoyo, kuofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba, pachipatala chaching'ono, n'kudzafika kwa mlangizi wa zaumoyo, kwa CBDA kapena kwa volontiya wa m'mudzi. Amene amalinena komaliza, maso ndi maso, ndinu. Mbiri imene taionayi ikutipatsa zochita zingapo.

Mukamva chenjezo latsopano, funsani dzina lenileni la mankhwala musanalifalitse, ndipo yang'anani ngati ndi amene ali m'bokosi lanu. Pewani mawu oti "kawiri" kapena "kwambiri" opanda chiwerengero. Nenani kuti ndi amayi angati mwa angati, ndipo yerekezani ndi chiopsezo cha mimba. Musalole mayi achoke chimanjamanja: ngati mapiritsi sakumuyenera, atuluke ndi njira ina tsiku lomwelo, ngakhale makondomu podikira. Muuzeni zovuta zazing'ono asanazione, monga nseru, kudontha magazi, mutu pang'ono ndi kuwawa kwa mawere, ndi kuti nthawi zambiri zimatha miyezi yoyambirira. Muuzeninso zizindikiro zofuna kuthamangira kuchipatala: kutupa ndi kuwawa kwa mwendo umodzi, kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu waukulu wosokoneza maso kapena kulankhula, ndi chikasu m'maso. Vuto lalikulu likachitika, lembani pafomu yonenera zovuta za mankhwala kuti lifike ku bungwe la PMRA, chifukwa machenjezo okhudza amayi athu adzachokera m'mafomu amenewo.

Mayi akabwera ndi mphekesera, kumuseka n'kumutaya. Mungayambe chonchi: "Mayi, mwachita bwino kufunsa. Zimene mwamvazo zili ndi poyambira pake. Tiyeni tione ngati zikukhudza inuyo ndi mapiritsi amene mukumwawa." Kenako muyezeni magazi, mufunseni mafunso aja, ndipo mumusiye asankhe yekha. Akafuna, aitane bambo akunyumba kuti amve nawo.

Anthu a kunyanja anaonetsa kale kuti akafotokozeredwa bwino amasunga mankhwala ndi malangizo ake. Pa katemera wa kolera wa 2016, asodzi okhala m'zimbowera anapatsidwa katemera wachiwiri kuti akamwe okha patapita masabata awiri, ndipo ambiri anamwadi. Ku Mangochi, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018 anapeza kuti amayi ophunzitsidwa kudzibaya okha jakisoni wolera anapitiriza kwa chaka chonse 73 mwa 100, poyerekeza ndi 45 mwa obayidwa ndi azaumoyo. Cholinga chathu si chakuti amayi onse amwe mapiritsi. Amene wasankha jakisoni atamva zonse wasankha bwino. Amene tiyenera kumufunafuna ndi mayi uja amene anatenga paketi miyezi itatu yapitayo ndipo sanabwerenso. Dzina lake lili m'kaundula wanu. Mukapita kumudzi sabata ino, mufikeni ndi kumufunsa zimene anamva.